Mwana Asachoke Pasukulu Kupita Kopanda Kanthu

Nkhani yokambidwa pamsonkhano wa makolo ku Mtsiliza, mumzinda wa Lilongwe

Ndikudziwa kuti ena mwasiya geni pamsika, ena mwaimika njinga ya kabaza, ena mwangoweruka ku ulonda wa usiku ndipo simunagone. Mwabwerabe chifukwa nkhani ya ana siidikira tsiku lopuma. Ndikuthokozani kwambiri.

Ndapemphedwa kuti ndikambe za maganizo amene ayamba kumveka pakati pathu, akuti kholo lichotse mwana pasukulu n'kumamuphunzitsa lokha pakhomo. Kale nkhani yotere inkamveka patali, koma lero ikuyenda pa WhatsApp ndi pa Facebook, ikukambidwa m'minibasi ndi potunga madzi pa kiyosiki. Chimene ndabwera nacho ndi chimodzi, ndipo ndichibwereza kangapo kuti tipite nacho kunyumba: kuchotsa mwana pasukulu ndi ntchito ya m'mawa umodzi, koma kumuphunzitsa ndi ntchito ya zaka. Amene wachita yoyambayo asanakonzekere yachiwiri wangomusiyitsa mwanayo sukulu, ngakhale atazitchula dzina lokoma. Mwana asachoke pasukulu kupita kopanda kanthu. Ndiyenda nanu m'mfundo zisanu. Yoyamba, chimene chikuwawa makolo. Yachiwiri, zimene tinaona ana onse atakhala pakhomo mu 2020. Yachitatu, zimene kuphunzitsa pakhomo kumafuna. Yachinayi, mayankho anga kwa amene akutsutsa. Yachisanu, chochita.

Mfundo yoyamba: madandaulo a makolo ndi oona, ndipo tisawapeputse. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. M'chaka chimodzi chokha chiwerengero cha ana m'sukulu chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, ndipo ambiri muli pano munaphunzira kulemba dzina lanu chifukwa cha ganizo limenelo. Koma zipinda, madesiki, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro la anawo, ndipo kuperewera kumeneko tikukhala nako mpaka lero. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, pamene m'makomboni athu kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo. Tawerengetsani nokha: phunziro likatenga mphindi 30 ndipo ana ali 100, mwana mmodzi sangapeze ngakhale theka la mphindi la mphunzitsi wake. Mwana wamanyazi amene amakhala kumbuyo angathe kutha teremu yonse akutsatira pakamwa pa anzake, osadziwa chimene chalembedwa pa bolodi. Kafukufuku wa ofesi ya boma ya National Statistical Office, wa mu 2019 ndi 2020, anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse a zaka 7 mpaka 14, ana 19 okha ndi amene ankatha kuwerenga kankhani kafupi ndi kukamvetsa. Kholo limene likudandaula kuti mwana wafika Sitandade 4 osatha kuwerenga silikunama.

Palinso zifukwa zolemera kuposa kudzaza kwa kalasi. Kuyambira kumapeto kwa 2014, pamene anthu achialubino anayamba kubedwa ndi kuphedwa m'dziko muno, mabanja ena anasiya kutumiza ana awo kusukulu poopa njira. Ndani pakati pathu angawadzudzule? Kuli ana olumala amene sangakwere masitepe kapena kulowa m'chimbudzi cha pasukulu. Kuli ana odwaladwala, ana amene amamenyedwa ndi kunyozedwa ndi anzawo tsiku ndi tsiku, ndi atsikana amene akuvutitsidwa ndi amuna achikulire panjira. Kuli makolo amene atopa ndi tindalama topemphedwa apa ndi apo pamene lendi ya nyumba ikuwadikira. Choncho munthu akati akufuna kuchotsa mwana, tisathamangire kumutcha mbuli. Nthawi zambiri ndi kholo limene laona vuto lenileni. Funso langa ndi lakuti: kodi mankhwala amene lasankhawo achiza matendawo, kapena awonjezera ena?

Mfundo yachiwiri: dziko lathu linalawapo kale kukhala ndi ana pakhomo, ndipo tikudziwa mmene zinathera. Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. Makalasi olemba mayeso, monga Sitandade 8 ndi Fomu 4, anabwerera pa 7 Seputembala, ndipo ena onse anabwerera pa 12 Okutobala. Mwana wa Sitandade 3 anakhala pakhomo miyezi yoposa isanu ndi umodzi. Unduna wa Zamaphunziro unayesetsa: unaika maphunziro pa wayilesi ndi pa intaneti. Koma kumbukirani mmene zinalili m'nyumba zathu. Wayilesi inalipo, mabatire panalibe. Foni inali imodzi, ndipo inkapita ndi bambo ku ganyu. Mayi ankalawirira kukapikula tomato, mwana wamkulu n'kutsala akulera ang'ono ake, anyamata n'kumaswera m'nyumba zoonetsera mavidiyo. Kafukufuku wachangu amene Unduna woona za amayi ndi ana unachita chaka chomwecho anapeza atsikana oposa 40,000 atatenga mimba ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'miyezi yochepa chabe. Kuno ku Lilongwe tinalawanso pang'ono mu Januwale 2023, pamene kolera anachedwetsa kutsegulira sukulu ndi masabata awiri.

Wina anena kuti zimenezo sizinali maphunziro a pakhomo enieni, chifukwa palibe kholo limene linasankha kapena kukonzekera. Ndikuvomera, ndipo phunziro lagona pomwepo. Chaka cha 2020 chinationetsa chimene chimachitika mwana akachoka m'kalasi pakhomo pasanakonzedwe. Makolo a ana amenewo ankawakonda ana awo monga mmene inu mumakondera anu. Chikondi chinalipo, koma panalibe nthawi, mabuku, ndondomeko ndi munthu wamkulu woyang'anira kuyambira m'mawa mpaka masana. Tsiku la mwana likakhala lopanda mwini, limapeza mwini wake: msika, msewu, kapena munthu woipa mtima wokhala ndi kandalama m'thumba. Madzi akatayika saoleka. Chaka chimene mwana wa zaka 8 wataya asanadziwe kuwerenga ndi chovuta kuchibweza, chifukwa maphunziro onse a m'tsogolo amadalira kuwerengako.

Mfundo yachitatu: kodi kuphunzitsa pakhomo kumafuna chiyani? Ambiri a ife tinakulira kumudzi ndipo tikudziwa kuwokera mbande. Mlimi wanzeru sazula mbande pa nazale munda usanakonzedwe. Amayamba wapanga mizere, wakumba mapando, wathira manyowa, waona kuti madzi alipo, ndipo pokhapo amazula. Mbande yozulidwa m'mawa n'kusiyidwa padzuwa kuti mwini akafunefune khasu imafota isanafike m'nthaka. Mwana ali chimodzimodzi, ndipo munda wake uli ndi zinthu zisanu zoti zikonzedwe. Choyamba ndi nthawi. Mwana wamng'ono wophunzira yekha safuna tsiku lonse, koma amafuna maola awiri kapena atatu tsiku lililonse, pa nthawi yodziwika, munthu wamkulu atakhala naye pansi osagwira ntchito ina. Dzifunseni moona mtima: m'banja mwanu ndani angasiye ganyu kapena geni maola amenewo, Lolemba mpaka Lachisanu, chaka chonse, ndipo banja n'kudyabe? Kumeneko ndiye kumene kuli mtengo weniweni wa maphunziro a pakhomo. Fizi simulipira, koma mumalipira ndi ndalama imene munthu mmodzi akanapeza.

Chachiwiri ndi mphunzitsi. Kudziwa kuwerenga ndi kwina, kudziwa kuphunzitsa mwana kuwerenga ndi kwinanso. Mphunzitsi wa ku pulayimale amaphunzira ntchito yake zaka ziwiri, kukoleji ndi m'kalasi, kuti adziwe kuyambira pa liwu la lembo, kupita ku phatikizo, kufika pa mawu ndi chiganizo, ndiponso kuti azindikire pamene mwana wasokonezeka. Kholo lodzipereka lingaphunzire zimenezi, koma liyenera kuvomera kuti nalonso likulowa sukulu. Ndipo mwana akamakwera, maphunziro ambiri ndi mayeso ake zimakhala m'Chingerezi: masamu a magawo, sayansi, za malo ndi mbiri. Chachitatu ndi mabuku ndi silabasi. Zimene mwana wa ku Malawi ayenera kuphunzira m'kalasi iliyonse zimakonzedwa ndi a Malawi Institute of Education ku Domasi. Kholo lophunzitsa popanda mabuku amenewa limaphunzitsa zimene likukumbukira ndi zimene limakonda, ndipo patapita zaka ziwiri mwana amapezeka wodziwa zina kwambiri, zina osazimvapo n'komwe.

Chachinayi ndi mayeso. Kaya tifune kaya tisafune, m'dziko muno khomo la sekondale limatsegulidwa ndi mayeso a PSLCE a Sitandade 8, ndipo khomo la koleji ndi la ntchito zambiri limatsegulidwa ndi MSCE. Mayeso amenewa amayendetsa ndi bungwe la MANEB la ku Zomba, limene limalembetsa ana kudzera m'malo ovomerezeka olemberapo mayeso, miyezi ingapo mayesowo asanafike. Unduna umasankha ana opita ku Fomu 1 potengera zotsatira zake. Kholo limene lachotsa mwana mu Sitandade 5 liyenera kudziwa lero lomwe kuti mwanayo adzalembetsa kuti, adzalembera kuti, ndipo mwayi wake wosankhidwa udzakhala wotani. Safunsa anadya phula. Chachisanu ndi anzake. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Pasukulu mwana wa Mchewa amakhala desiki imodzi ndi wa Myao, wa Mtumbuka ndi wa Mlhomwe, Mkhristu ndi Msilamu. Amaphunzira kudikira nthawi yake, kugonja pa mpira osamenya mnzake, kuyankha munthu wamkulu amene si mayi ake. Zimenezi sizilembedwa pa lipoti la kumapeto kwa teremu, koma ndi zimene zidzamusunge pantchito ndi m'banja.

Pamwamba pa zisanuzi pali lamulo. Gawo 25 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wa maphunziro, ndipo Lamulo la Maphunziro la 2013 limati maphunziro a pulayimale m'sukulu zaboma ndi aulere ndiponso okakamiza kwa mwana aliyense wosakwana zaka 18. Tanthauzo lake n'lakuti maphunziro ndi ufulu wa mwanayo mwini wake. Ife makolo timangomusungira. Kholo limene lamuchotsa pasukulu lasenza ngongole yonse imene sukulu inali nayo kwa iye, ndipo mwanayo akadzakula adzabwera kudzaitanitsa.

Mfundo yachinayi: ndiyankhe amene akutsutsa, chifukwa zonena zawo zili ndi mphamvu. Woyamba akuti, "Mwana ndi wanga, ndichita naye mmene ndikufunira." Zoona, mwana ndi wanu, ndipo ngakhale chikalata cha ufulu wa anthu chimene bungwe la United Nations linavomereza mu 1948 chimapatsa makolo mphamvu yoyamba yosankha mtundu wa maphunziro a ana awo. Koma ndime yomweyo imanenanso kuti maphunziro oyambirira akhale okakamiza. Mphamvu imene muli nayo ndi yosankha njira, osati yosankha kuti mwana akhale wosaphunzira. Ndipo pa chikhalidwe chathu mwana sanakhalepo katundu wa munthu mmodzi. Ali ndi amalume ake, azakhali ake, agogo ake ndi mfumu yake. Tinkati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambi umenewu umapatsa mnansi wanu chilolezo chokufunsani chifukwa chake mwana wanu ali pakhomo nthawi ya sukulu.

Wachiwiri akuti, "Kumayiko ena zikutheka, bwanji kuno?" Zikuthekadi, ndipo kuli mabanja amene aphunzitsa bwino ana awo pakhomo mpaka kufika ku yunivesite. Koma taonani mmene mayikowo amachitira. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri ali, lamulo la sukulu la 1996 limalola kuphunzitsa pakhomo, koma kholo liyenera kulembetsa mwanayo ku ofesi ya maphunziro ya chigawo chake, ndi kuonetsa kuti zimene aziphunzira sizichepera zimene akanaphunzira kusukulu. Ku England lamulo limalola, koma limafuna kuti mwana alandire maphunziro okwanira, oyenera msinkhu ndi nzeru zake. Ku Germany salola n'komwe. Kuno kwathu nakonso kuphunzirira pakhomo si kwachilendo: kuyambira 1965 kunali sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata, imene pambuyo pake inadzakhala Malawi College of Distance Education, ndipo anthu ambiri anapeza nayo ziphaso. Koma kunali maphunziro olembedwa mwa ndondomeko, kunali munthu wochonga ntchito, kunali mayeso kumapeto. Kulikonse kumene zimenezi zayenda bwino, pakhala dongosolo ndi diso la munthu wina wapadera. Tikatenga ufuluwo n'kusiya dongosololo, tatenga theka lokha.

Wachitatu akutchula William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene anasiya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, nadziphunzitsa yekha mpaka kupanga makina a mphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14. Ndi mwana wathu amene timanyadira naye. Koma nkhani yake ikuchitira umboni mbali yanga. Iye anali atamaliza kale pulayimale, ndiye kuti sukulu inali itamupatsa kuwerenga. Anali ndi laibulale yaing'ono pafupi, yobwerekako mabuku a sayansi. Makolo ake sanamuchotse mwa kufuna kwawo, unali umphawi. Ndipo mwayi utapezeka anabwerera kusukulu mothamanga, mpaka anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America mu 2014. Pa chaka cha njala chomwecho ana ambirimbiri anasiya sukulu pamodzi naye, ndipo maina awo sitiwadziwa.

Wachinayi ndiye amene funso lake limandikhudza kwambiri. Iye akuti, "Kusukulu sakuphunzira kanthu, nanga ndikamuchotsa ndataya chiyani?" Mwataya zambiri zimene sizioneka msanga. Mwataya kaundula amene amaitana dzina lake m'mawa uliwonse, kotero kuti akasowa pali wina wodabwa. Mwataya maso a mphunzitsi ndi a amayi a gulu loyang'anira atsikana pasukulu, amene nthawi zambiri ndiwo amayamba kuona kuti mtsikana wasintha kapena mwana ali ndi zipsera. M'sukulu zambiri mwataya phala la m'mawa, monga limene bungwe la Mary's Meals lakhala likupereka m'dziko muno kuyambira 2002, ndi mankhwala a likodzo ndi njoka za m'mimba amene azaumoyo amagawira kusukulu. Ndipo vuto limene mukuthawalo lili ndi mankhwala ena otsika mtengo. Mu 2013, pa sukulu ya pulayimale ya Biwi mumzinda muno, ofufuza a ku yunivesite ya Nottingham anayesa ana oposa 300 a Sitandade 1 mpaka 3. Ena mwa iwo ankaphunzira masamu pa matabuleti mphindi 30 patsiku kwa masabata 8, aliyense pa liwiro lake, ndipo makamaka a Sitandade 2 ndi 3 anapita patsogolo kuposa anzawo. Ana amenewo sanachotsedwe pasukulu. Anangowonjezeredwa kanthawi kochepa kowayenera. Ife matabuleti tilibe m'nyumba zathu, koma ine ndikuona kuti chimene mwana wa m'kalasi yodzaza akusowa kwambiri ndi chomwecho: theka la ola limene ndi lake yekha. Chimenecho pakhomo pangapereke popanda kumulanda sukulu.

Mfundo yachisanu ndi yomaliza: tichite chiyani? Ndiyambe ndi mabanja ochepa amene alidi ndi chifukwa chachikulu, monga matenda, kulumala kapena chiopsezo pa moyo wa mwana. Musamuchotse mwakachetechete. Pitani kaye kwa mphunzitsi wamkulu ndi ku komiti ya sukulu, kenaka kwa mlangizi wa maphunziro a pulayimale wa dera lino, mukafotokoze vuto ndi kufunsa zimene lamulo likufuna kwa inu. Ngati ndi nkhanza, imbani nambala yaulere ya 116 kapena pitani ku ofesi ya polisi yothandiza ozunzidwa, chifukwa mukangochotsa wanu n'kukhala chete, wankhanzayo atsala ndi ana a anzanu. Yesani kaye kusintha kalasi kapena kutenga kalata yosamukira sukulu ina, ndipo kwa mwana wolumala funsani za aphunzitsi a maphunziro apadera. Zonsezi zikakanika, konzani munda musanazule mbande. Lembani papepala dzina la amene aziphunzitsa ndi maola ake. Pezani mabuku a kalasi ya mwanayo. Funsiranitu za kulembetsa mayeso. Pemphani mphunzitsi wodziwa ntchito kuti azimuyesa kumapeto kwa teremu iliyonse, pakuti kholo limachonga ndi mtima. Mupezereni malo okumana ndi anzake, ku mpira, ku kwaya, ku madrasa kapena ku Sande sukulu. Ndipo ikani tsiku loti mudzakhalenso pansi ndi kuona ngati akupita patsogolo. Ngati sakupita, kumubweza kusukulu si manyazi.

Pano ndichenjeze zinthu ziwiri. Choyamba, mutu umodzi susenza denga, ndiye n'kwabwino mabanja angapo kuthandizana. Koma kagulu kakayamba kukula, kulandira ana a anthu ena ndi kulipiritsa, kasanduka sukulu, ndipo malamulo a dziko amafuna kuti sukulu yomwe si yaboma ilembetsedwe. Tisapereke ana athu kwa aliyense amene wapachika bolodi pakhonde. Chachiwiri, tisalole kuti mawu akuti "akuphunzira pakhomo" akhale chophimbira ntchito. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo kuyambira 2017 malamulo a dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Mtsikana amene akuswera ndi mwana kumsana, akutunga madzi ndi kugulitsa mandasi pamene mlongo wake wavala yunifolomu, sakuphunzira pakhomo. Wasiyitsidwa sukulu. Ngakhale amene anatenga mimba ali ndi mwayi wobwerera m'kalasi akabereka, chifukwa ndondomeko yolola zimenezi ilipo kuyambira 1993.

Kwa ife ambiri, njira ndi iyi: mwana akhalebe pasukulu, koma pakhomo pakhalenso pophunzirira. M'mera mpoyamba, choncho tiyambe ndi a Sitandade 1 mpaka 4. Sankhani theka la ola tsiku lililonse dzuwa lisanalowe, poti magetsi ndi osadalirika ndipo kandulo ndi ndalama. Mwana atsegule kope, akuonetseni zimene walemba lero, akuwerengereni mokweza. Mwina ena mukuti, "Ine sukulu sindinapite nayo patali." Musadziderere. Khutu lanu limadziwa Chichewa, ndipo mwana akamadodoma kapena akamanena zosamveka mudzamva. Mufunseni kuti nkhaniyo ikuti chiyani, ndani walakwa, iye akanatani. Muuzeni nthano, mawa akubwerezereni. Pa geni panu awerengere chenji, ayeze mafuta, awonkhetse zimene mwagulitsa. Mkulu wake wa ku sekondale amuthandize Chingerezi. Kamodzi pa teremu kaonaneni ndi mphunzitsi wake, mumufunse kuti mwanayo wakanirira pati. Mphunzitsi wa ana 100 amamukumbukira mwana amene kholo lake linabwera. Pitani kumisonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, mukafunse za ndalama, za zimbudzi ndi za kujomba, pakuti sukulu imene makolo ake anzeru athawamo imatsala yopanda woilankhulira. Ndibwerezenso: kuchotsa mwana ndi ntchito ya m'mawa umodzi, kumuphunzitsa ndi ntchito ya zaka, ndipo ntchito ya zakayo tingaiyambe madzulo ano mwana akadali m'kaundula wa sukulu.

Ndimalize ndi mapempho. Mafumu athu, inu mumadziwa nyumba iliyonse m'dera lanu: tithandizeni kudziwa ana amene ali pakhomo nthawi ya sukulu, ndipo mufunse makolo awo mwaulemu chimene chavuta. Atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, zipinda zanu zimakhala zotseka masana ambiri a m'kati mwa sabata: zitseguleni kuti achinyamata amene analemba Fomu 4 aziwerenga ndi ana, pali munthu wamkulu wowayang'anira. Aphunzitsi, kholo likabwera ndi dandaulo mulilandire bwino, chifukwa kholo lonyozedwa ku ofesi ndi limene limakachotsa mwana mawa lake. Ndipo inu makolo, musanapange chiganizo chilichonse, mufunseni mwanayo chimene chikumusautsa, mumumvetsere mpaka amalize. Nthawi zambiri chimene akuthawa chili ndi dzina, ndipo chikatchulidwa pamaso pa anthu oyenera chimatheka kukonzedwa.